Mbuya Gwanda: mpando anangoununkhiza, osaukhalira

Mukafuna kuyambanitsa anthu pa Lirangwe musavutike ndi nkhani ya Bullets ndi Wanderers. Ingotchulani dzina la Gwanda Chakuamba pomwe madala akusewera bawo. Wina akuuzani kuti ameneyo ndiye anali mwamuna, anadya zaka 13 m'ndende koma anatulukamo akuyenda ndi miyendo yake. Wina ati musandikumbutse za mkulu wa Apayoniya ameneyo. Ndiye pamakhala wina amene amayamba wangoti phee, kenaka n'kulavula mawu awiri okha, kuti munthuyo anatigulitsa. Bawo imathera pomwepo.

Ine kwathu ndi komweko ku Lirangwe, pamsewu wa M1 mukadutsa Lunzu musanafike pa Zalewa. Ndife anthu a m'mbali mwa msewu. Magalimoto a andale timangowaona akudutsa ngati mphepo, ndipo amaima pokhapokha ikakhala kampeni, kudzatilonjeza msewu wa ku Chingale uja. A Chakuamba sanali phungu wathu. Dera lawo linali Nsanje North, kutali ku Lower Shire. Koma nkhani yawo ndi yathu tonse, makamaka inu amayi a tomato mu Limbe ndi inu achimwene a kaunjika ku Ndirande, chifukwa voti yomwe mumaponyera chipani chotsutsa ili ngati mpamba womwe mwapatsa mnzanu kuti akakuodereni katundu. Funso limakhala lakuti kodi abwera nazo zotani.

Tiyambe ndi zomwe ana a masiku ano sazidziwa.

A Chakuamba analowa ndale ali mnyamata, dziko lino likadali Nyasaland. Mu 1964, patangotha miyezi iwiri tilandirire ufulu, nduna zikuluzikulu monga Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Masauko Chipembere zinasemphana chichewa ndi Kamuzu. Ena anachotsedwa, ena anatula pansi okha, ambiri n'kuthawira kunja. A Chakuamba anasankha kukhala mbali ya Ngwazi, ndipo mphotho yake inali unduna. Kwa zaka 15 zotsatira anakhala akusinthasintha maunduna, anayang'anirapo chigawo chonse chakummwera, n'kudzakhalanso mkulu wa Apayoniya. Pa nthawi imeneyo kuno kummwera kunalibe munthu woopedwa ngati iwo, kupatula mwini wake wa ku Sanjika.

Inu amene munayamba geni zaka zimenezo mukukumbuka. Pachipata cha msika pamaima anyamata a malaya ofiira, ayufi aja tinkawatcha achiswe. Wopanda khadi la chipani samalowa mumsika, samakwera basi. Dengu la tomato limatha kuwolera panja pa mpanda mwini wake akuyang'ana, kaamba ka kapepala. Amayi oyembekezera amauzidwa kuti agulire khadi mwana amene ali m'mimba. A Mboni za Yehova, omwe chikhulupiriro chawo sichiwalola kugula khadi, anawotcheredwa nyumba, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Sindikunena kuti a Chakuamba ankaima okha pachipata ndi chibonga ayi. Koma munthu sungakhale mutu wa njoka n'kumati za ululu sukuzidziwa.

Tsono njoka ija inadzawatembenukira. Mu Febuluwale 1980 anamangidwa pa mlandu woukira boma. Anawazenga kukhoti la mafumu lija lotchedwa Traditional Court, komwe loya samaloledwa kuponda, ndipo mu 1981 anawagamula zaka 22. Anakawatsekera ku Zomba. Kundende yomweyo n'komwe anadzawapeza Orton Chirwa, munthu amene anasiyana naye njira mu 1964. Wokhulupirika ndi woukira, onse mgaiwa umodzi ndi nyemba zofumbwa. A Chirwa sanatulukemo amoyo, anafera momwemo mu Okutobala 1992.

Ndikamaganiza bwino, ndende ija mwina inawasunga a Chakuamba. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma n'kulengeza kuti yachitika ndi ngozi ya galimoto. Amenewo anali akuluakulu a chipani ngati momwe analili a Chakuamba. Akanakhala panja, ndani akudziwa galimoto yomwe akanakwera? Chinanso n'chakuti mlandu wa ku Mwanza utadzuka mu 1995, Kamuzu ndi John Tembo n'kumangidwa, palibe amene akanaloza chala a Chakuamba. Anali ndi mboni yosatsutsika: chitseko cha ndende. Khoti linadzawamasula a Banda ndi a Tembo mu Disembala chaka chomwecho.

Chaka cha 1993 ndiye cha zodabwitsa. Pa 14 Juni Amalawi tinasankha nyali kusiya tambala wakuda, matipate n'kulowa. Pakati pa chaka chomwecho a Chakuamba anatuluka m'ndende, ndipo poyamba analowa UDF. Aliyense anati n'zomveka, munthu wazunzika. Koma posakhalitsa tinangomva kuti abwerera ku Kongeresi, chipani chomwe chinawadyera zaka 13, ndipo awapatsa mpando wa mlembi wamkulu, womwe unakhala wopanda munthu chiphedwere a Matenje.

Mpando umenewu sunali wamasewera. Malamulo a nthawiyo amati Pulezidenti akadwala, dziko liziyendetsedwa ndi bungwe la anthu atatu, wapampando wake n'kukhala mlembi wamkulu wa chipani. Mu Okutobala Kamuzu anapita naye ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu. Basi, a Chakuamba anakhala wapampando, pambali pawo John Tembo ndi Robson Chirwa. Taganizani abale: munthu amene mu Januwale amagona pa simenti ku Zomba, pofika Okutobala akuyendetsa dziko.

Ndipo taonani mmene Mulungu amasewerera ndi anthu. Kumayambiriro a Disembala Apayoniya anapha asilikali awiri ku Mzuzu. Asilikali anakwiya n'kuyamba kuphwasula misasa ya Apayoniya dziko lonse, ntchito ija inatchedwa Operation Bwezani. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Gulu lomwe a Chakuamba ankalilamulira kale linatha iwo ali pampando, akuonerera. Patangopita masiku owerengeka Kamuzu anadzuka pa bedi n'kutenganso ulamuliro wake. Miyezi iwiri yosakwana imeneyo ndiyo nthawi yokhayo yomwe Mbuya analawa mpando. Moyo wawo wonse wotsala anautha akufunafuna kubwererapo.

Pa 17 Meyi 1994 anaima ngati wachiwiri wa Kamuzu. Bakili Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, Chakufwa Chihana 19. Mwa mipando 177 ya m'Nyumba ya Malamulo, UDF inatenga 85, MCP 56, AFORD 36. Kuno kwathu ku Lirangwe, ku Lunzu ndi ku Chileka kunali chikasu chokhachokha. Timipando tochepa tomwe Kongeresi inatola kummwera tinachokera ku Lower Shire, ndipo aliyense amadziwa kuti anthu kumeneko sanavotere tambala koma Mbuya. Ndi mmene anakhalira mtsogoleri wa zipani zotsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo.

Ntchito imeneyi ambiri amaiyesa yongolalata. Si choncho. Boma likabwera ndi bajeti, woyamba kuyankha ndi iyeyo. Ndi amene amayenera kufunsa kuti msonkho uwu ukuwawa ndani, ngongole iyi adzabweza ndani, ndalama za feteleza zapita kuti. Ndipo zaka zimenezo mafunso analipo ambiri. Kwacha inali itamasulidwa mu 1994, ndipo mu 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi 80 pa 100 n'kupitirira. Mumaoda shuga lero, pokagulitsa n'kupeza kuti ndalama yonse pamodzi ndi phindu siikukwana kuodanso belo lomwelo. Amene munali pa benchi nthawi imeneyo simufuna kuuzidwa.

Poyankhula, a Chakuamba analibe mnzawo. Mawu awo amagunda, ndipo mantha anali atawasiya ku Zomba. Koma chida chomwe amachikonda kwambiri chinali kunyanyala. A Chihana, omwe analowa m'boma la a Muluzi mu 1994 ngati wachiwiri wachiwiri kwa Pulezidenti, atatulukamo mu 1996, nduna zina za AFORD zinakana kusiya magalimoto a boma. MCP ndi AFORD anati uku n'kuba aphungu, ndipo ananyanyala Nyumba ya Malamulo kwa miyezi yambiri mpaka mu 1997. Dandaulo lawo linali loona. Koma ine ndimati wogulitsa akakwiya ndi bwana wa msika n'kusiya benchi lake, amene amavutika ndi kasitomala. Miyezi yonseyo mafunso athu analibe wowafunsa.

Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997, chipani n'kutsala m'manja mwa a Chakuamba, wachiwiri wawo a Tembo. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Chipani cha tambala wakuda chinayesa kutsutsa mwambi umenewu, ndipo chinalephera. Mipando yambiri ya MCP inali m'chigawo chapakati, kwa a Tembo. Dzina lokoma kunja kwa chigawo chapakati linali la a Chakuamba. Wina anali ndi sitolo, wina anali ndi makasitomala.

Pa chisankho cha pa 15 Juni 1999 a Chakuamba anamulambalala Tembo n'kutenga a Chihana a AFORD kukhala wachiwiri wawo. Mwa masamu zinali zanzeru: pakati kuphatikiza kumpoto kuphatikiza Lower Shire. Ndipo zinatsala pang'ono kutheka. A Muluzi anapeza 52 pa 100, a Chakuamba 45. M'Nyumba ya mipando 193 UDF inapeza 93, MCP 66, AFORD 29, kutanthauza kuti otsutsa akaphatikizana amaposa chipani cholamula. Kumpoto kunabuka ziwawa, mizikiti ina n'kuwotchedwa, chinthu chamanyazi chomwe sichinathandize aliyense. A Chakuamba anathamangira kukhoti. Mfundo yawo inali yakuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la anthu onse amene analembetsa, osati amene anavota okha. Mu 2000 khoti lalikulu la apilo linakana, n'kunena kuti amene waposa anzake wapambana basi. Chigamulo chimenechi chisungeni, tichipezanso kutsogoloku.

Zomwe zinatsatira n'zomvetsa chisoni kwa aliyense amene anaima pamzere kuyambira mbandakucha. M'malo mogwiritsa ntchito aphungu 95 aja, otsutsa anayamba kudyana okhaokha. Mu 2000 Nyumba ya Malamulo inawaimitsa a Chakuamba kwa chaka chathunthu ati chifukwa chonyoza Pulezidenti pomanyanyala, ndipo mpando wa mtsogoleri wa otsutsa unagwera a Tembo. Mu Ogasiti chaka chomwecho MCP inachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri, wina ku Blantyre wosankha a Chakuamba, wina ku Lilongwe wosankha a Tembo. Chipani chimodzi, mapulezidenti awiri, maloya n'kumalemera. Njala ya 2002 ija, pomwe chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa ndipo anthu m'midzi amadya zikhawo ndi gaga, inapeza otsutsa ali kalikiliki m'makhoti kulimbirana tambala.

Komabe pali tsiku limodzi lomwe Mbuya sindingawalande ulemu. Pa 4 Julayi 2002 phungu wa AFORD, Khwauli Msiska, anabweretsa bilu yochotsa malire a materemu a Pulezidenti, kuti a Muluzi aimenso. Pamafunika mavoti 128. A Tembo anavomera, a Chihana anavomera. A Chakuamba ndi aphungu owatsatira anakana, pamodzi ndi ena olimba mtima a m'zipani zina. Biluyo inapeza 125. Mavoti atatu okha, abale anga, ndiwo anatitchinga kuti tisakhalenso ndi wamuyaya wachiwiri. Munthu amene anatumikirapo wamuyaya woyamba n'kulumidwa naye amadziwa chomwe amakana. Chaka chomwecho anamangidwanso kwa kanthawi pa nkhani ya kalata yomwe boma limati ndi yopeka.

Mu Epulo 2003 ku Motel Paradise mu Blantyre, pamsonkhano womwe miyala inaulukanso, a Tembo anawagonjetsa n'kutenga chipani. A Chakuamba anayesa kukhala wachiwiri, koma sizinayende. Pofika kumayambiriro a 2004 anali atatuluka n'kuyambitsa Republican Party.

Apa ndiye pali fupa la nkhani yonse.

Atsogoleri a mipingo anayesetsa kuti otsutsa onse aime pambuyo pa munthu mmodzi. A Tembo anakana, Brown Mpinganjira wa NDA anakana. Zipani zisanu ndi ziwiri zing'onozing'ono ndizo zinagwirizana, n'kudzitcha Mgwirizano, mtsogoleri a Chakuamba, wachiwiri wawo Aleke Banda wa PPM. M'matauni a Blantyre Mgwirizano unagwira moto. M'maminibasi, m'misika, anthu anali atatopa ndi UDF ndipo samamudziwa bwino Bingu wa Mutharika yemwe a Muluzi amayenda naye m'misonkhano. Ngakhale kwathu komwe kunali chikasu chenicheni uja, mumamva anthu akunong'onezana za Mbuya.

Chisankho chinachitika pa 20 Meyi 2004. A Mutharika anapeza pafupifupi 36 pa 100, a Tembo kupitirira 27, a Chakuamba kupitirira 25. Tengani cholembera muwonkhetse nokha, inu ndinu anthu a masamu. Mavoti a Tembo ndi a Chakuamba pamodzi amaposa theka. Anthu awiri omwe chaka chimodzi m'mbuyomo anali m'chipani chimodzi anagawana nkhuku, mwini khola n'kukhala wina.

A Chakuamba anati awabera ndipo wopambana ndi iwo. Achinyamata anawamvera. Ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Chilobwe misewu inatsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka, apolisi anaombera, anthu anafa, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka 10 ku Chilobwe. Misika inatsekedwa, katundu anawonongeka. Mgwirizano unakasuma kukhoti, ndipo anthu anadikira.

Sipanathe ngakhale masabata awiri. Kumayambiriro a Juni tinangomva pa wailesi kuti a Chakuamba asainirana ndi boma la a Mutharika, mlandu autaya, ndipo Republican Party ndi aphungu ake 15 ili mbali ya boma. A Aleke Banda anatsala okha pabwalo ngati mkwati wothawidwa. Maliro a ana a eni anali asanaumitse n'komwe dothi.

Owaikira kumbuyo amati anachita izi kuti magazi asapitirire kukhetsedwa, komanso kuti ku Lower Shire kupite chitukuko. Mwina. Koma ine funso langa ndi la pamsika. Anthu opitirira 25 pa 100 alionse anapereka voti yawo kuti UDF ichoke. Mwini katundu sanafunsidwe, katundu anagulitsidwa pa holoselo kwa munthu yemweyo amene amamukana. Ndipo wovota analibe pogwira. Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe limapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane, aphungu analifafaniza kale mu 1995. Pa chimenecho boma ndi otsutsa sanakangane ayi. Gawo 65, loletsa phungu kudumphira chipani china, ndi lija lakhala likupotozedwa ngati waya wa kabudula.

Malipiro ake anali otani? Mu Febuluwale 2005 a Mutharika atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, a Chakuamba anapatsidwa unduna wa zamalimidwe ndi udindo waukulu m'chipani chatsopanocho. Kenaka panabuka nkhani ya galimoto ya BMW X5 yomwe inagulidwa kuti nduna iziyendera. Anawasamutsira ku unduna wa ulimi wothirira ndi madzi, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho anawachotsa. Patangopita masiku anamangidwa chifukwa cha mawu omwe anayankhula pamsonkhano onyoza Pulezidenti. Miyezi isanu ndi iwiri ya unduna, ndiwo mtengo wa mavoti onse aja. Pobwerera ku Republican Party anapeza chitseko chili chotseka, a Stanley Masauli ndi anzawo atakana kuti chipani chithetsedwe. Anayambitsa china, New Republican Party. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pofika 2009 anali akuyenda ndi a Muluzi, munthu amene anamutengera kukhoti mu 1999. A Muluzi ataletsedwa kuima, UDF inaponya mphamvu zake kwa a Tembo. Adani atatu a zaka 15 anakumana pansi pa mtengo umodzi, koma dzuwa linali litalowa. A Mutharika anapambana ndi mavoti 66 pa 100.

Kunena chilungamo, vuto si la a Chakuamba okha. Chipani chaching'ono m'dziko muno chili ngati okala ya munthu mmodzi. Malamulo amati boma lizipereka ndalama ku chipani chomwe chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Chosafika pamenepo chimadya m'thumba la mtsogoleri: mafuta a galimoto, nsalu, matisheti, mabokosi a maliro a kudera, zonse kwa iye. Ifenso ovota tili ndi mbali yathu, chifukwa wandale wobwera chimanjamanja timamuseka. Munthu akagonja chisankho amakhala ali ndi ngongole mpaka m'khosi, ndiye wa boma akabwera ndi unduna m'manja, ndi ochepa amene amayang'ana kumbali. A Chihana anachita zomwezo kawiri. A Mpinganjira anathetsa NDA n'kubwerera ku UDF chisankho cha 2004 chitangotha. Kusiyana kwake n'kwakuti a Chakuamba ndi amene anthu anawafera pamsewu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pa kampeni, koma inu amene mumakhala pamsika tsiku lonse ndi amene mungandiuze ngati mwaona kusintha.

Mbuya anamwalira pa 24 Okutobala 2016 kuchipatala cha Adventist mu Blantyre ali ndi zaka zoposa 80, ndipo anakaikidwa kwawo ku Nsanje. Chigamulo chija ndinati muchisunge chinadzagwa iwo atapita. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha 2019 n'kunena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse oponyedwa, ndipo mu Meyi khoti la apilo linavomereza, kutaya zomwe linanena pa mlandu wa a Chakuamba mu 2000. Lamulo limeneli likanakhalapo mu 1999 silikanawathandiza, poti a Muluzi anali ndi 52. Likanakhalapo mu 2004 kukanakhala chibwereza, koma cha a Mutharika ndi a Tembo, a Chakuamba ali pa nambala 3, onse awiri akubwera kudzagogoda pakhomo pawo. MCP inabwerera m'boma mu Juni 2020 ndi Lazarus Chakwera, patatha zaka 26, itagwirizana ndi UTM ya Saulos Chilima ndi zipani zina. A Tembo anaziona ndi maso awo, anamwalira mu Sepitembala 2023.